Mjigo Umene Unkafa Kanayi Pachaka

Mu Ufumu wa Tikuthokoza munali zinthu ziwiri zimene sizinkasowa: fumbi ndi alendo odzathandiza. Fumbi linkabwera ndi mphepo, alendo ankabwera pa galimoto zoyera zokhala ndi mlongoti pamwamba, ndipo nthawi zambiri zinkafikira limodzi. Mfumu ya dzikolo, Chalandiridwa Wachiwiri, inali yabwino mtima. Sinamenyepo nkhondo, sinamangepo munthu popanda chifukwa cholembedwa, ndipo dzanja lake lamanja linali losalala chifukwa chopatsa moni alendo.

Kale kuthandizana kunali kosavuta. Alendo akabweretsa makasu, alembi a mfumu ankalemba kuti makasu abwera, nkhani n'kuthera pomwepo. Kaya makasuwo alima munda, kaya asanduka mabelu a sukulu, panalibe wofunsa. Koma chaka china Bungwe la Dzanja Lotambasula, la kutsidya kwa nyanja zitatu, linatumiza katswiri watsopano. Anali mwana wa m'dziko momwemo, Dokotala Wisikoti Mbendera, amene anapita kunja kukaphunzira n'kukhalako zaka khumi ndi ziwiri. Dzina limeneli silinakhalitse. Anthu anangomutcha a Mabokosi, chifukwa chilichonse chimene wamva ankayamba wachijambulira bokosi.

Tsiku loyamba kubwalo la mfumu, a Mabokosi anayala pansi chipepala chachikulu ngati mkeka.

"Mwini dziko," iwo anatero, "masiku owerenga makasu anatha. Eni thandizo tsopano akufuna zotsatira. Bokosi loyambali ndi la zimene talowetsa. Lachiwirili ndi la zimene tichite. Lachitatu ndi la zimene zituluke. Lachinayi ndi la kusintha kwa moyo wa anthu. Ndipo kusinthako kumayezedwa: tinayambira pati, tafika pati. Zonse timazilemberatu ntchito isanayambe."

Mfumu inayang'ana chipepalacho, n'kukanda chibwano. "Nanga chinthu chikachitika koma chilibe bokosi?"

"Ndiye kuti sichinachitike, mwini dziko."

Mawu amenewa anaikomera kwambiri mfumu, pakuti m'dziko mwake munali zinthu zambiri zimene inkalakalaka zikanakhala kuti sizinachitike. Pomwepo inati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo chilichonse mu Tikuthokoza chiziyamba chalembedwa m'bokosi, kenako chizichitika. Inakhazikitsanso Unduna wa Zotsatira, n'kuupereka kwa a Kalembeni, amene kale anali Nduna Yoyala Mipando ya Alendo. A Kalembeni sanachedwe kuonetsa changu. Mvula ya chaka chimenecho itagwa masabata awiri tsiku lake lisanakwane, iwo analengeza kuti sinali mvula koma chinyezi chosavomerezeka, ndipo alimi amene anadzala nayo anachenjezedwa.

Tsopano titsike ku likulu, tipite ku msika wa Dikirani, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi ngati basiyo yakukondani. Pakati pa msikawo panali mjigo. Unali utafa zaka ziwiri, ndipo pa chogwirira chake amayi ankayanikapo zitenje. Madzi ankatunga ku mtsinje wa Bwererani, maola awiri kupita ndi kubwera, ndipo pofika kumtsinjeko panali mtsetse wa dothi lofiira, woterera ngati therere.

A Mabokosi anafika pa Dikirani kudzayeza poyambira. Anaima pa benchi ya Mayi Falesi, wogulitsa tomato, mayi wa pakamwa posachedwa kuyankha.

"Mayi, ndi anthu angati pano amene amamwa madzi a pa mjigo?"

"Palibe, bambo. Ngakhale mbalame zinaleka kuterapo."

"Palibiretu?"

"Palibiretu."

Nkhope ya a Mabokosi inawala ngati ya munthu amene wauzidwa kuti kunyumba kwabadwa mapasa. "Ziro!" anauza alembi awo. "Ziro weniweni, wopanda banga! Kwina timapeza makumi atatu, makumi asanu, zotsatira n'kumaoneka zowonda. Koma kuchoka pa ziro kufika pa anthu mazana asanu ndi anayi! Akaona zimenezi kutsidya, aimirira n'kutiombera m'manja."

Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo n'kuwerenga ndondomeko. Chaka choyamba, kudziwitsa anthu kuti madzi ndi abwino. Chaka chachiwiri, kusankha komiti ndi kuiphunzitsa. Chaka chachitatu, mwezi wachisanu ndi chinayi, kukonza mjigo.

"Chaka chachitatu?" anafunsa Mayi Falesi.

"Inde, mayi."

"Zikomo. Ife tamva. Kaya ludzu nalo mwaliuza?"

Alembi anafunafuna bokosi la funso limeneli, osalipeza, choncho funsolo silinafunsidwe.

Kumapeto kwa msikawo, pansi pa mtengo wa mango, pankakhala Mayi Elube Nankhoma, wokonza njinga. Ntchitoyi anaiphunzira poonerera malemu amuna awo, ndipo anthu ankanong'onezana kuti anawapitirira. Anali mayi wa mawu ochepa ndi zikhadabo zakuda. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Tiyese, amene pa nthawiyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, mwamuna wake ali kutali ku minda ya fodya.

Patangopita masabata atatu chichokereni galimoto zoyera, Tiyese anaterereka pa mtsetse wa Bwererani ali ndi ndowa pamutu. Anzake anamunyamula m'chitenje kukafika naye kuchipatala. Anamwino anati mwana ali moyo, koma Tiyese akagwanso kachiwiri sadzanenanso mawu omwewo. Elube anakhala pakhonde la chipatala. Anachita mantha kwambiri, ndipo manthawo atachepa panatsala mkwiyo.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake Elube anatenga masipanala ake, n'kuitana amayi asanu a pamsika. Anamasula mutu wa mjigo, nayamba kukoka ndodo zachitsulo imodziimodzi mpaka yomaliza. Kunsonga kwake anapeza kamphira kozungulira, kakang'ono ngati pakamwa pa kapu, katadyeka n'kung'ambika. Matenda onse a zaka ziwiri anali amenewo. Elube anadula kena pa chidutswa cha tayala la ngolo chimene anali nacho, anakasema ndi mpeni, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Dzuwa lisanafike pamutu, mjigo unatsokomola kawiri, kenako madzi anakhuthuka. Amayi analulutira mpaka mbuzi zinathawa pamsika.

Nkhani yabwino imayenda pang'onopang'ono mu Tikuthokoza, koma iyi inafika ku likulu pa masiku awiri, chifukwa kumeneko inali nkhani yoipa. Mfumu inaitanitsa nduna zonse. A Kalembeni analowa m'bwalo atagwira mutu ngati akuchokera pamaliro.

"Mwini dziko, tagwa m'tsoka. Ku Dikirani kwatuluka madzi."

"Kodi madzi si zimene timafuna?" inafunsa mfumu, pakuti nthawi zina inkaiwala n'kuganiza ngati munthu wamba.

"Timawafuna, mwini dziko," anayankha a Mabokosi, "koma chaka chachitatu. Ndiponso akhale athu. Madzi awa alibe mwini. Sanadutse m'bokosi lililonse. Anthu akamamwa lero, chaka chachitatu tidzati tasintha chiyani? Tidzachoka pa mazana asanu ndi anayi kufika pa mazana asanu ndi anayi. Eni thandizo akaona zimenezo, ntchito yonse aisamutsira kwa anansi athu a ku Zatithera, kumene ziro wawo akadali wosakhudzidwa."

Nduna iliyonse inaona m'maso mwake galimoto zoyera zikuwoloka malire, pamodzi ndi misonkhano ya ku mahotela kumene tiyi amabwera kawiri dzuwa lisanapendeke. Nduna ya Maganizo Atsopano inati msika usamutsidwe, upite kumene kulibe madzi. Nduna ya Zachilengedwe inati madziwo awabwezere pansi. Pomaliza anagwirizana kuti ayambe amuona wolakwayo.

Elube anafika kubwalo atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Anagwada, anaomba m'manja, n'kukhala pansi. A Kalembeni ndiwo anamufunsa.

"Mayi, ndinu munakonza mjigo?"

"Ndine, bwana."

"Munaphunzitsidwa ndi bungwe liti?"

"Palibe, bwana. Ndimakonza njinga."

"Komiti munali nayo?"

"Tinalipo amayi asanu ndi mmodzi. Ndodo zija n'zolemera."

"Wapampando anali ndani? Mlembi? Malamulo a komiti ali kuti? Kodi anthu munayamba mwawadziwitsa kuti madzi ndi abwino?"

"Ndinaona ngati akudziwa kale, bwana."

"Munaona ngati!" A Kalembeni anatembenukira kwa mfumu, manja ali m'mwamba. "Mwini dziko, mayi uyu wadumpha mabokosi atatu m'mawa umodzi. Ntchito ya zaka zitatu, ya anthu ophunzira, waithera ndi tayala la ngolo!"

Elube anadikira kuti phokoso lithe. "Pepani ngati ndalakwa. Mwana wanga ndi woyembekezera. Anagwa pa mtsetse ndi ndowa pamutu. Anamwino akuti asagwenso."

A Mabokosi anayendetsa chala pa chipepala chawo kuchokera pamwamba mpaka pansi. "Amayi oyembekezera ali m'ndondomeko ina, ya bungwe lina," anatero. Koma ananena motsitsa mawu, ndipo sanamuyang'ane kumaso.

Mfumu, monga ndanena, inali yabwino mtima, choncho chigamulo chake chinali chachifundo. Mlembi anachiwerenga ataimirira: "Ife, Chalandiridwa Wachiwiri, Wolandira Wamkulu wa dziko lino, tikulamula motere. Choyamba, mjigo wa pa Dikirani ndi wakufa, monga unalili pa tsiku loyeza, ndipo ukhala wakufa mpaka mwezi wachisanu ndi chinayi wa chaka chachitatu. Chachiwiri, madzi onse amene atulukamo kale ayesedwe mphekesera. Chachitatu, Mayi Elube Nankhoma akhululukidwa poti analakwa mosadziwa, koma dzina lawo lilembedwe m'bokosi la zoopsa zimene zingalepheretse chitukuko."

Analilembadi, pakati pa chilala ndi dzombe.

Ku Dikirani kunabwera unyolo ndi loko wamkulu ngati chibakera. Anamanga chogwirira cha mjigo, kiyi n'kupita nayo ku likulu. Anasiya mlonda, Bambo Sikelo, msilikali wopuma wa pamudzi pomwepo, amene anapatsidwa yunifolomu ndi chibonga kuti azilondera mtembo wa mjigo kuopa kuti ungadzuke.

Amayi anabwerera ku Bwererani. Elube anatseka ntchito ya njinga, n'kumatunga yekha kuti Tiyese asapite. Koma mawondo a zaka makumi asanu ndi mtsetse uja sankamvana, ndipo tsiku lachisanu anapeza Tiyese atanyamula kale ndowa, akuti, "Amayi, mukundimvetsa chisoni, ndingopita kamodzi." Elube anamulanda ndowayo, n'kupita kukakhala pa simenti ya mjigo, maso ali pa unyolo.

"A Sikelo," anatero patapita nthawi, "oyendera ntchito ochokera ku likulu azibwera kangati?"

"Kanayi pachaka, mayi. Ndiye amayamba atumiza kalata, kuti opindula akhale okonzeka."

"Nanga ntchito yanu kwenikweni anailemba bwanji?"

Bambo Sikelo anatulutsa pepala m'thumba, n'kuwerenga motsindika ngati ali pa perete. "Kuonetsetsa kuti loko sakutsegulidwa, ndi kuti oyendera akupeza mjigo uli wakufa."

"Basi?"

"Basi, mayi."

"Akazi anu akutunga kuti?"

Mlonda anausa moyo. "Ku Bwererani. Akuti madzi amene asenza iwo samwa mlonda wa mjigo. Lero ndi tsiku lachisanu ndisanasambe."

Elube anaimirira, anazungulira mjigo kamodzi, n'kuika sipanala pa bawuti limene limagwira chogwirira. Analimasula, anasolola chogwiriracho, unyolo n'kugwa pansi loko ali chitsekere. Anabwezera chogwirira, anamanga bawuti, n'kupopa. Bambo Sikelo anayang'ana madzi, anayang'ana loko, anayang'ananso pepala lawo.

"Loko sanatsegulidwe," anatero pang'onopang'ono. Kenako anavula chipewa n'kuika mutu pansi pa mpopi.

Kuyambira pamenepo mjigo wa pa Dikirani unkafa kanayi pachaka. Kalata ya oyendera ikafika, msika wonse unkakonzekera ngati ukwati. Tsiku lisanafike aliyense ankadzaza mitsuko n'kuibisa kuchipinda. Elube ankabwezera unyolo. Amuna ankathira mchenga wouma pamatope, amayi ankayanika zitenje pa chogwirira, ndipo Bambo Sikelo ankabwera ndi ukonde wa kangaude wa m'nyumba mwawo, atauyalula mosamala ndi kamtengo, n'kuukoloweka pampopi. Woyang'anira nkhope anali Mayi Falesi.

"Iwe, usaseke! Aludzu saseka. Inu apongozi, mwadzola mafuta chifukwa chiyani? Pitani mukadzigubuduze. Ana onse asasambe mpaka galimoto zitapita!"

Ana a pa Dikirani ankawakonda kwambiri masiku amenewa.

Oyendera ankafika, ankagwedeza loko, ankajambula ndowa zopanda kanthu zitandandalikidwa, n'kulemba kuti ziro akadali bwino. Chaka choyamba anaphunzitsa anthu kuti madzi ndi abwino. Anagawa malaya olembedwa kuti Madzi Akubwera, ndi kabotolo ka madzi aliyense kuti aone chitsanzo. Pamapeto anafunsa kuti amene tsopano akudziwa kuti madzi ndi abwino akweze dzanja, ndipo manja onse anakwera. A Kalembeni analengeza ku likulu kuti m'mbiri ya ufumu simunaonekepo anthu ophunzira msanga chotere.

Chaka chachiwiri anasankha komiti, wapampando Mayi Falesi. Anaiphunzitsa kukonza mjigo masiku asanu, pojambula pa bolodi, chifukwa mjigo weniweniwo sunkaloledwa kukhudzidwa. Elube analetsedwa kulowa m'kalasimo, poti dzina lake linali m'bokosi la zoopsa. Mayi Falesi analandira satifiketi ya pepala lolimba, ndipo ankati palibe chinthu chabwino choingitsira ntchentche pa tomato kuposa chimenecho.

Panali chinthu chimodzi chokha chimene sankatha kubisa. Madzi otayikira pa mjigo ankayenda m'kangalande kupita kuseri kwa mpanda wa msika, ndipo kumeneko kunamera dimba la mpiru. Ulendo wina, mwezi wa Okutobala, dziko lonse litapserera, a Mabokosi anapita kuseriko kukataya madzi, n'kupeza mpiru uli biriwiri. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Mayi Falesi anawatsatira.

"Ndi mame, bambo," anatero. "Kuno mame ndi amphamvu."

A Mabokosi anagwedeza mutu, anabweza cholembera m'thumba la malaya, n'kubwerera ku galimoto.

Mwana wa Tiyese anabadwa bwinobwino, wamkazi. Anakwawa, anayenda, anayamba kulankhula, mjigo ukadali wakufa m'mabuku a ufumu. Pofika mwezi wachisanu ndi chinayi wa chaka chachitatu, Tiyese anali ndi pakati pena, mimba itafika pobisa mapazi.

Tsiku lokonza mjigo linafika ndi galimoto makumi awiri. Anakhoma nsanja ya matabwa, anayala mipando, ndipo pa ntchito iyi a Kalembeni analibe mnzawo. Mfumu inabwera ndi kiyi pa kapilo kofiira, inatsegula loko, anthu n'kuomba m'manja. Amisiri a ku likulu anatsitsa bokosi lochokera kutsidya kwa nyanja zitatu, nayamba kukoka ndodo. Anadabwa kuona ndodozo zili zonyowa.

"Ndi thukuta la pansi, mabwana," anatero Bambo Sikelo ataima njo. "Kuno kumatentha."

Kunsonga anapeza kamphira ka Elube, katagwira ntchito zaka zitatu popanda kudandaula. Mkulu wa amisiri anakanyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, anakaika m'kapulasitiki, n'kunena kuti kazikaonetsedwa m'misonkhano monga chitsanzo cha zinthu zosayenera kuchita. M'malo mwake anaikamo katsopano, konyezimira, kokhala ndi nambala. Kanali ka mjigo wa mtundu wina, kocheperako ndi chala chimodzi. Elube anaona zimenezi ali kumbuyo kwa chingwe, anayesa kukweza dzanja, koma msilikali wa mfumu anamukumbutsa bokosi limene dzina lake linalembedwamo. Ndipotu ndondomeko inati kuika chipangizo chatsopano. Sinati chokwana.

Mfumu inagwira chogwirira ndi dzanja lake losalala lija. Inapopa kamodzi, kawiri, kakhumi. Mjigo unalira ngati mbuzi ya chifuwa. Inapopa kamakumi atatu, thukuta likutsikira m'ndevu, koma ngakhale dontho. A Kalembeni anatsinzinira mthenga wawo, ndipo iye anathamangira kuseri kwa benchi ya Mayi Falesi, anapeza mtsuko wobisidwa, n'kudzathira madzi pamwamba pa mpopi wojambula zithunzi atakonzeka. Madziwo anali a mjigo womwewo, otungidwa dzulo lake uli wakufa.

"Kuchoka pa ziro kufika pa mazana asanu ndi anayi!" anafuula a Kalembeni pa nsanja. "Mabokosi onse adzaza! Mwa lamulo la mwini dziko, kuyambira lero mjigo wa pa Dikirani ndi wamoyo, ndipo ntchito yatsekedwa!"

Gulu la malipenga linaimba, alendo anadya, galimoto zinanyamuka. Fumbi litakhazikika, anthu anazungulira mjigo. Zaka zitatu ankaseka poupha mwamasewera, koma uku kunali kufa kwenikweni. Apa, kunena zoona, nane kuseka kumandithera. Mitsuko yobisidwa ija alendo anali ataithera posamba m'manja. Tiyese anayang'ana mwana wake amene ankalirira madzi, anapinda nkhata, n'kunyamula ndowa.

"Ika pansi," anatero Elube.

"Amayi, dzuwa likadalipo. Ndiyenda pang'onopang'ono."

"Ndati ika pansi!"

Elube anapita pansi pa mango uja n'kukhuthula bokosi la zida. Munali machubu a njinga, opyapyala ngati khungu la anyezi. Tayala la ngolo lija linatha kalekale ndi kukonzera anthu nsapato. Anakhala pansi, mpeni uli m'manja, wopanda choti adule.

Pamenepo mpamene anaona kuti galimoto imodzi sinapite. Inali ya a Mabokosi. Tayala lake linaponda msomali wa pa nsanja, ndipo tayala lapadera anali atalisiya ku likulu kuti malipoti akwane. Dalaivala anagubuduza tayala lophwalo kudza nalo kwa Elube, a Mabokosi akutsatira pambuyo. Elube anatulutsa chubu, anapeza pobooka, n'kuyamba kupala. A Mabokosi anakhala pa chitsa, n'kumayang'ana ndowa ya Tiyese.

"Mayi Nankhoma," anatero, "mpiru uja sunali wa mame."

"Ayi, bambo."

"Ndinadziwa chaka choyamba chomwe. Amayi anga ankatunga kumtsinje. Ndimawadziwa mapazi a munthu woyenda maola awiri ndi ndowa pamutu. Pano mapazi otero sindinawaone."

Elube sanaleke kupala. "Nanga bwanji simunalembe?"

"Panalibe bokosi lake," anatero a Mabokosi. Anayesa kumwetulira, koma manyazi anawapambana.

Chubu chitamatidwa, tayala litabwerera pa galimoto, a Mabokosi anapisa dzanja m'thumba. Elube anapukusa mutu. Anazungulira kumbuyo kwa galimoto n'kugwira chimphira chimene chimalendewera kuseri kwa tayala kutchinga matope. Chinali chochindikala bwino, chodindidwa chizindikiro cha bungwe, dzanja lotambasula.

"Ndipatseni ichi."

"Ndi katundu wa bungwe ameneyo," anatero dalaivala.

A Mabokosi anayang'ana Tiyese, anayang'ana chimphiracho. "Bwerekeni sipanala, mayi," anatero, n'kugwada m'fumbi kumasula okha.

Elube anadula kamphira pakati penipeni pa dzanja lija, n'kukasema. Amayi asanu aja anabweranso kudzakoka ndodo, ndipo wachisanu ndi chimodzi anali Dokotala Wisikoti Mbendera, malaya oyera atapinda mikono, Mayi Falesi akuwalangiza kuti akokere m'chiuno, osati m'maphunziro. Kamphira konyezimira kaja anapatsa mwana wa Tiyese kuti aziseweretsa. Atamanga bawuti lomaliza, Bambo Sikelo anapopa. Mjigo unatsokomola kawiri, madzi n'kukhuthuka. Tiyese anayenda mapazi khumi, anatchera ndowa yake, n'kumwetsa mwana ndi chikhatho.

A Mabokosi anasamba m'manja, anamwa, n'kukwera galimoto malaya ali ndi dzimbiri. Popeza ntchito inali itatsekedwa, palibe woyendera amene anabweranso ku Dikirani, ndipo mjigo sunafenso.

Lipoti lomaliza linatuluka la masamba mazana awiri, chithunzi cha mfumu ikupopa chili pachikuto. Kutsidya kwa nyanja zitatu anaimiriradi. A Kalembeni analandira mendulo, ndipo nduna za ku Zatithera zinabwera kudzaphunzira mmene ziro amasamalidwira. M'lipotimo muli zonse zimene bungwe linapereka kuti anthu a pa Dikirani amwe madzi: malaya, bolodi, masatifiketi, unyolo, loko. Dzina la Elube lilimo kamodzi, pakati pa chilala ndi dzombe. Pa tsamba lomaliza, m'bokosi la zinthu zowonongeka, muli mzere umodzi wokha: chimphira chotchinga matope, chimodzi, chinatayika panjira popanda phindu lililonse.

Chimphira chimenecho chikadali pansi pa mjigo wa Dikirani, ndipo Tiyese sanaupondenso mtsetse wa Bwererani.